Kuchoka pa Nkhata Kufika pa Lamba: Mmene Katundu Wakhala Akuyendera m'Mafakitale a m'Chigwa cha Shire

Munthu wochokera kwa Malemia ku Nsanje akamapita ku Blantyre pa msewu wa M1, akangopitirira Bangula ndi Ngabu amalowa m'dziko la nzimbe. M'miyezi ya chilimwe amakumana ndi ngolo zodzaza nzimbe zakuda ndi utsi, zonse zikulunjika ku fakitale ya Nchalo. Za kumunda timazidziwa, poti ambiri a kuno tili ndi mbale amene anagwirako chikwanje m'minda imeneyo. Shuga nayenso timamudziwa, timamugula pa golosale. Chimene sichikambidwa kawirikawiri ndi cha pakatipo: njira imene nzimbe imadzera kuchoka pa geti mpaka kukatuluka ili m'thumba, popanda munthu kuisenza. Njira imeneyo ndi ya malamba, matcheni ndi mapaipi, ndipo ine ndimaona kuti nzeru zambiri za fakitale zagona pamenepo, kuposa pa kukula kwa makina ofinya amene alendo amakonda kuima n'kumawayang'ana.

Makolo a m'chigwa muno kulemera kwa katundu ankakudziwira pakhosi. Pamene David Livingstone ankakwera Shire mu 1859 anapeza Amang'anja akulima thonje, kulipota ndi kuwomba nsalu, ndipo chilichonse chochoka kumunda chinkayenda pamutu kapena m'bwato. Kampani ya African Lakes, imene inayamba mu 1878, inabweretsa sitima za nthunzi pamtsinje, koma sitimazo zinkathera kwa Katunga, kufupi ndi Chikwawa, chifukwa kumtunda kwake kuli mathithi. Kuchoka apo kukwera phiri mpaka ku Blantyre inali ntchito ya amtengatenga, aliyense ndi mtolo wa makilogalamu pafupifupi 25 pankhata. Njanji yochokera ku Port Herald, komwe ndi ku Nsanje lero, inafika ku Blantyre mu 1908. Mu 1915 inalumikizidwa ndi Chindio pa Zambezi, ndipo mlatho wa Dona Ana utatha mu 1935 sitima ya pamtunda inayamba kufika ku Beira osatsitsa katundu panjira. Ulendo wautali wa amtengatenga unathera pamenepo. Koma pasiteshoni, padoko ndi m'nyumba zosungiramo thonje, thumba linkachokabe pansi ndi msana wa munthu. Vuto la mtunda wautali linatha, la mamita 20 a pakati pa mulu ndi makina linatsala.

Kunja anali atayamba kalekale kulimbana ndi mamita 20 amenewa. Cha m'ma 1785, ku Delaware ku America, Oliver Evans anamanga chigayo cha tirigu chimene munthu ankangothira tirigu mbali imodzi n'kukadikira ufa mbali ina. Tizidebe tomangirira pa lamba tinkakweza tirigu mpaka pamwamba pa nyumba, kenaka ankatsika yekha ndi kulemera kwake kudzera m'makina osiyanasiyana. Pofunika kuti ayende cham'mbali, chitsulo chopotoka chozungulira mu ngalande chinkamukankha. Zonsezi zinkayenda ndi gudumu limodzi la madzi. George Washington anaika njira imeneyi m'chigayo chake mu 1791, ndipo mu 1795 Evans analemba buku lofotokoza kamangidwe kake. Mphero ndi sefa zinalipo kale iye asanabadwe. Chatsopano chinali kuona chigayo chonse ngati ulendo umodzi, momwe makina aliwonse amalandira kwa mnzake n'kupatsira wotsatira.

Lamba wa labala amene timamudziwa lero anachokera ku migodi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1890, Thomas Robins ankakonza malamba a kampani ya Thomas Edison imene inkaphwanya miyala ya chitsulo ku Ogdensburg, New Jersey. Malamba ansalu ankatha msanga, makamaka pakati pomwe miyala inkagwera. Robins anawakuta ndi labala wochindikala pakatipo, ndipo anawagoneka pa timawilo titatu, kamodzi kogona, tiwiri totsamira m'mbali, kuti lamba apindike ngati ngalande n'kusunga katundu pakati. Mpaka lero mawilo atatu amenewa ndiwo mudzawapeze pansi pa lamba wonyamula malasha, simenti kapena zotsala za nzimbe. Mu 1905 Richard Sutcliffe anatsitsira lamba pansi pa nthaka m'migodi ya malasha ku Yorkshire.

Kenaka kunabwera Henry Ford, amene mu 1913 ku Highland Park anayamba kuyendetsa galimoto yosamalizidwa kudutsa pamaso pa antchito oima malo amodzi. Ntchito yolumikiza chimango cha galimoto, imene inkatenga maola oposa 12, inatsika kufika pa mphindi 93. Nkhaniyi imakambidwa kwambiri, koma mbali yake ina imasiyidwa: antchito ankathawa ntchitoyo mwaunyinji, moti mu January 1914 Ford anakweza malipiro kufika pa madola 5 patsiku kuti akhazikike. Kwa Evans lamba ankalandira munthu katundu. Kwa Ford lamba anayamba kulamula munthu liwiro. Aliyense wojambula mzere wa fakitale kuyambira nthawi imeneyo amasankha, kaya akudziwa kaya sakudziwa, kuti pakati pa munthu ndi makina adzidikira mnzake ndani.

M'chigwa chathu makina oyamba anabwera ndi thonje. M'zaka za m'ma 1920 alimi a kuno ndiwo ankalima thonje lambiri la Nyasaland, ndipo bungwe la British Cotton Growing Association, lokhazikitsidwa ku Manchester mu 1902, linkaligula ndi kulichotsa njere lisanakwere sitima. Thonje ndi katundu wovuta mwa mtundu wake. Ndi lopepuka, limauluka, limakola paliponse ndipo silichedwa kugwira moto, choncho lamba wapoyera salitha bwino. Yankho linapezeka ku Texas m'zaka za m'ma 1880, pamene Robert Munger anayamba kuliyamwa ndi mphepo kudzera m'mapaipi kuchoka pa ngolo kupita ku makina, n'kulipitirizanso mpaka pomangira mabelo. Mafakitale a thonje a masiku ano, monga a ku Ngabu, amatsata nzeru imeneyo: thonje limayenda ndi mphepo, njere zimayenda ndi chitsulo chopotoka chija cha Evans. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1930 madzi a Shire anakwera n'kumiza madimba ambiri, ndipo ulimi wa thonje wa nthawi imeneyo unagwa nawo.

Shuga anayambira kutsidya. John Peter Hornung anayamba kulima nzimbe ku Mopeia m'zaka za m'ma 1890, ndipo minda yake inakula n'kukhala Sena Sugar Estates, ya mafakitale ku Marromeu ndi ku Luabo. Asena ambiri amene anadzakhazikika ku Nsanje ankathawa ntchito yokakamiza ya m'dziko la Apwitikizi, choncho kuno nzimbe ya kampani inayamba kudziwika ndi mbiri yowawa fakitale isanamangidwe n'komwe. Ya kwathu inabwera ufulu utangopezeka. Kampani ya Lonrho inatsegula minda ya Nchalo pansi pa dzina la SUCOMA, ndipo shuga woyamba anatuluka mu 1966, chaka chomwecho chimene magetsi a ku Nkula anayaka. Dwangwa inatsatira mu 1979. Illovo ya ku South Africa inagula mafakitale onse awiri mu 1997, ndipo lero Illovo ili m'manja mwa Associated British Foods.

Kuti timve chifukwa chake fakitale ya shuga singayende popanda malamba, tiyerekeze fakitale yofinya matani 300 pa ola. Amenewo ndi matani 5 pa mphindi iliyonse, kulemera kofanana ndi matumba 100 a chimanga a makilogalamu 50, usana ndi usiku, kuyambira cha mu April mpaka mvula itagwa. Palibe gulu la anthu limene lingasenze zimenezo. Ndiponso nzimbe siidikira. Ikawotchedwa n'kudulidwa imayamba kutaya shuga, ndipo pakapita masiku awiri kapena atatu kutayako kumaoneka pa sikelo ya ndalama. Tani imodzi ya shuga imafuna matani 8 kapena 9 a nzimbe, kutanthauza kuti zambiri zimene zimalowa pa geti si shuga ayi, koma nazonso ziyenera kupezeredwa njira yotulukira.

Mafakitale a shuga amasiyana apa ndi apo, koma ulendo wa nzimbe ndi umodzimodzi. Ngolo ikapimidwa, nzimbe zimakhuthulidwa pa thebulo lachitsulo lotsetsereka, lomwe matcheni ake amazikoka pang'onopang'ono kuzigwetsera mu ngalande yaikulu. Pansi pa ngalandeyo sipakhala labala. Pamakhala timapale tachitsulo tomangidwa pa matcheni, chifukwa nzimbe zimagwa ndi mphamvu ndipo mipeni yozungulira imazidulira pomwepo. Labala sakanatha sabata. Zikachoka pa mipeni zimalowa m'makina a nyundo, amene amaziphwanya mpaka kukhala ulusi wonyowa. Apa ndi pamene lamba wa labala amalandira ntchito, poti ulusi sucheka ndipo umafuna kuthamanga. Pamwamba pa lambayo pamapachikidwa maginito aakulu. Chikwanje choiwalika m'mtolo, bawuti yosololoka pa ngolo kapena chidutswa cha tcheni chikadutsa pamenepa, chimakaswa mano a makina ofinya ndipo fakitale yonse imaima. Amene anaona zimene maginito amatola pa shifiti imodzi sangakayike kufunika kwake.

Ulusi uja umagwera mu bokosi lalitali loimirira pamwamba pa makina ofinya oyamba, ndipo bokosi limeneli ndilo mtima wa nkhani yonse. Likadzaza kwambiri, makina amatsamwa. Likaphwa, zigudumu zofinya zimazungulira zopanda kanthu ndipo madzi a shuga amatsalira mu ulusi. Kale munthu ankaima pamwamba akuyang'ana, dzanja lili pa chogwirira, kuchepetsa kapena kuwonjezera liwiro la tcheni malinga ndi zimene maso akumuuza. Lero timakina toyeza tili m'mbali mwa bokosilo, ndipo timauza mota ya lamba kuti ifulumire kapena ifatse. Lambayo amauza tcheni cha m'mbuyo mwake, tchenicho chimauza thebulo. Uthenga umayenda chobwerera m'mbuyo pamene nzimbe ikupita kutsogolo. Poyatsa fakitale amayambira kumapeto kwa mzere, kuti aliyense wolandira akhale akuyenda katundu asanam'fike, ndipo lamba mmodzi akaima onse omudyetsa ayenera kuima nthawi yomweyo. Kupanda kutero, mphindi 10 zokha zimaunjika matani 50 pamalo amodzi, oti achotsedwe ndi mafosholo.

Pakati pa makina ofinya, amene amakhala angapo motsatizana, matcheni a mano amakokera ulusi kuchoka kwa awa kupita kwa awo, uku madzi otentha akuthiridwa kuti atsuke shuga wotsala. Chotuluka kumapeto ndi bagasi, ulusi umene pafupifupi theka la kulemera kwake ndi madzi. Bagasi amapita ku maboyila kukayaka, nthunzi yake imayendetsa makina ndi kupanga magetsi, ndiye kuti fakitale imadziphikira ndi zotsala zake. Apa wojambula amakumana ndi funso lina: makina ofinya akaima kwa ola limodzi, moto wa boyila usazime. N'chifukwa chake pamakhala shedi ya bagasi wosungira ndi lamba wobweza, woti adyetse maboyila pamene mzere waukulu uli chete. Wojambula wosadziwa amaona shedi imeneyo ngati malo owonongeka. Wodziwa amayamba wafunsa kuti mzere umaima kangati pa sabata, ndipo kukula kwa shedi kumachokera pa yankho limenelo.

Madzi a shuga amayenda m'mapaipi, kutenthedwa, kuthiridwa laimu, kudikha, kuphikidwa mpaka timiyala ta shuga titaoneka. Za kumeneko ndi nkhani ina. Malamba amabweranso kumapeto, shuga akachoka m'makina ozungulira amene amamulekanitsa ndi molasi. Amatuluka wotentha ndi wonyowa, womata, choncho amayamba wayenda mu ngalande yogwedezeka, n'kulowa mu mgolo woumitsira, n'kukwera ndi tizidebe kupita mosungira. Kuyambira 2012 shuga wogulitsidwa m'Malawi muno amathiridwa vitamini A, ndipo ngakhale zimenezi ndi nkhani ya liwiro: chothiracho chiyenera kudziwa kuti pa mphindi ino padutsa shuga wochuluka bwanji, apo ayi paketi ina ilandira wambiri, ina ilandira wochepa. Molasi wa ku Nchalo amapita ku PressCane, ku Chikwawa komweko, kumene akhala akupanga ethanol kuyambira 2004.

Mabuku a uinjiniya amapereka malamulo ofanana kulikonse. Lamba wosalala sakwera motsetsereka kuposa madigiri pafupifupi 20 katundu osabwerera. Kuchuluka kwa zimene anyamule kumadalira kutambalala kwake, liwiro lake ndi kulemera kwa katunduyo. Zovuta zambiri zimayambira pomwe lamba wina amakhuthulira pa mnzake. Zonsezi n'zoona, koma chigwa cha Shire chili ndi zake zimene buku lolembedwa ku Durban kapena ku London silingazidziwe mokwanira. Choyamba ndi dothi. Nzimbe zonyamulidwa ndi makina m'munda wonyowa zimabwera ndi mchenga ndi matope, ndipo mchenga umadya chilichonse chimene wakhudza: mapini a matcheni, nyundo, zigudumu zofinya, ngakhale mapaipi a m'boyila. Tcheni chikadyeka chimatalika, chikatalika chimadumpha mano a gudumu lake. N'chifukwa chake miyezi ya dzinja, fakitale ikaleka kufinya, simakhala chete m'kati. Imeneyo ndiyo nyengo ya owotcherera ndi amakaniko, yomasula matcheni mfundo ndi mfundo, kusintha mabering'i, kudzaza chitsulo cholimba pamene padyeka. Shuga amene mudzamwere tiyi mu August amadalira ntchito imene inagwiridwa bwino kapena mwaulesi mu February.

Chachiwiri ndi madzi osefukira. Chigumula cha January 2015, namondwe Ana mu January 2022 ndi Freddy mu March 2023 anatiphunzitsa tonse a ku Nsanje ndi Chikwawa kuti madzi amafika pamene akuluakulu ankati safika. Namondwe Ana anagumula damu la Kapichira ndipo dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Womanga fakitale m'chigwa muno lero ayenera kufunsa kuti mota ikhale pamwamba motani kuchoka pansi, dzenje la pansi pa tizidebe litulutsa bwanji madzi, ndiponso lamba wodzaza katundu adzanyamuka bwanji magetsi akazima mwadzidzidzi n'kuyakanso. Kudzutsa lamba wodzaza kumafuna mphamvu yoposa yomuyendetsa ali kale paulendo, ndipo mota yosankhidwa mongoyang'ana masiku abwino imapsa tsiku loipa.

Pali chinanso chimene sindifuna kuchidumpha. Lamba sazindikira kusiyana kwa nzimbe ndi mkono. Pamene labala amakumana ndi gudumu pamakoka malaya, fosholo ndi dzanja lomwe laigwira, ndipo ngozi zambiri za malamba kulikonse zimachitika munthu akuyesa kuchotsa zomata makina akuyenda, pofuna kuti mzere usaime. Chingwe choimitsira chotambalala m'mbali monse mwa lamba, sefa yachitsulo yotchinga magudumu, ndi loko amene makaniko amakhoma pa switchi n'kuika kiyi m'thumba mwake asanalowe pansi pa makina, zimenezi n'zofunika kujambulidwa limodzi ndi mota ndi magiya kuyambira tsiku loyamba. Fumbi la bagasi nalo limadwalitsa mapapo ndipo limayaka msanga. Injiniya amene waika kanjira kopapatiza koti munthu sangapitemo ndi chitini cha girisi osakhudza lamba, walakwitsa ntchito, ngakhale masamu ake onse atakhoza.

M'zaka zapitazi mzere wa Nchalo watalika kupyola mpanda wa fakitale. Alimi a ku Kasinthula anayamba kupereka nzimbe chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, a ku Phata anatsatira pambuyo pa 2010. Tsiku lawo lowotcha, lodula ndi lotumiza ngolo limachokera ku njala ya bokosi lija la pamwamba pa makina ofinya. Fakitale ikaima, nzimbe yodulidwa imauma m'munda mwa mlimi ndipo malipiro ake amatsika, poti amalipidwa potengera shuga amene ali m'nzimbemo. Mnyamata wa kwa Malemia amene wapita kukadula pa kontirakiti sanaonepo tcheni chachikulu chija, koma liwiro la chikwanje chake linakonzedwa ndi icho. Funso la Ford lija, loti adikire mnzake ndani, lafika mpaka kumunda.

Chondidetsa nkhawa ndi chakuti nzeru zonsezi zatsekeredwa m'mafakitale akuluakulu owerengeka. Mukalowa m'chigayo cha mpunga kapena cha chimanga pa Nsanje Boma, pa Bangula kapena pa Tengani, mupeza mota yamagetsi yamakono, koma mayi akukwera masitepe ndi ndowa pamutu kukathira m'makina opunthira, n'kutsika kukawola pansi, n'kusenzanso kupita ku makina ogayira amene ali mamita atatu okha pambali pake. Tili m'mbuyo mwa chigayo cha 1785. Ngalande yaikulu ya Shire Valley Transformation Programme, imene anayamba kukumba mu 2020 kuchokera ku Kapichira, cholinga chake n'kuthirira mahekitala oposa 40,000 mpaka cha ku Bangula. Ikadzatha, zokolola za makopaletivu zidzachuluka kuposa zimene ndowa ingakwanitse, ndipo padzafunika malo opetera, oumitsira ndi opakira.

Malo amenewo safuna makina a Nchalo. Chokwezera cha tizidebe cha mamita 5 chimafuna lamba wansalu ndi labala, tizidebe topinda kuchokera ku lata lochindikala, magudumu awiri, mabering'i anayi ndi mota yaing'ono ya giya. Owotcherera a ku Ndirande amene amapanga zigayo ndi ngolo angachipange mawa lomwe. Chimene chimasowa ndi masamu ake: tizidebe titalikirane motani, gudumu la pamwamba lizungulire kangati pa mphindi kuti mpunga uponyedwe m'khomo lotulukira m'malo mogwera pansi, ndipo bokosi la pakati pa chopunthira ndi chopetera likule bwanji kuti china chikaima chinzake chisaime. Masamu amenewa ophunzira a ku MUBAS amawapeza m'kalasi, ndipo amakaniko opuma ntchito a ku Nchalo, amene ena abwerera kumidzi kwawo kuno, amawadziwa ndi manja. Ndikanakonda kuona sukulu zaluso za pansi pa TEVETA zikuwaitana anthu amenewa kuti aphunzitse, ndipo ntchito yomalizira ya wophunzira ikhale chokwezera chimodzi choyenda, choikidwa m'chigayo chenicheni cha kopaletivu, chimene adzabwerere kukachiyeza pakatha nyengo imodzi yokolola.